Galasi silikulitsa chipinda

Pali malangizo amene afala kwambiri pa Instagram, TikTok ndi Pinterest, ndipo ambiri a ife tinawasunga kale m'mafoni: njira zochititsa kachipinda kakang'ono kuoneka ngati kakakulu. Akuti pakani utoto woyera. Akuti pachikani galasi lalikulu moyang'anizana ndi zenera. Akuti makatani azichokera kudenga mpaka kukhudza pansi, mipando ikhale ya miyendo yowonda, ndipo chilichonse chimene simunachigwiritse ntchito mwezi uno muchitaye. Ine ndikuti ambiri mwa malangizo amenewa ndi bodza lovala suti. Wophunzira wa ku Chikanda, ku Chitawira kapena ku Luwinga amene akuwatsatira osafunsa mafunso akuwononga ndalama yake ya ndiwo pofuna kubisa vuto limene sanaliyambitse ndi iye.

Liwu loti tiligwire pamenepa ndi lakuti "kuoneka". Opereka malangizowo ndi ochenjera, salonjeza kuti chipinda chikula. Amalonjeza kuti diso lipusitsidwa. Koma m'chipinda simukhala diso lokha. Msana umafuna pogona, mapapo amafuna mpweya, ndipo chimene chimagunda pakona ya bedi usiku magetsi atazima ndi bondo. Bondo silidziwa kuti khoma ndi loyera.

Tiyeni tiwerengere. Tengani chipinda cha mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, chonga zambiri zimene zili m'midadada yochititsa lendi. Amenewo ndi masikweya mita 9. Bedi la munthu mmodzi ndi pafupifupi masentimita 90 m'lifupi ndi 190 m'litali, choncho limadya masikweya mita 1.7. Mukakhala awiri kuti mugawane lendi, mabedi okha adya 3.4. Chitseko chotsegukira m'kati chimafuna theka la sikweya mita loti pasakhale kanthu. Onjezerani tebulo lowerengera ndi mpando wake, masutikesi awiri, ndowa za madzi, hotipuleti kapena mbaula, mapoto, thumba la ufa ndi nsapato. Chotsala ndi kanjira koti munthu mmodzi adutse chammbali. Tsopano pachikani galasi lija. Mabedi aoneka anayi, ndowa ziwirikiza, ndipo mnzanu amene amasiya masokosi paliponse mumuona kawiri.

Galasi silipanga kuwala, limangobweza kumene lalandira. Chipinda chotchuka kwambiri cha magalasi padziko lapansi chili kunyumba yachifumu ya Versailles ku France. Chinamalizidwa m'chaka cha 1684 m'nthawi ya mfumu Louis XIV, ndi chotalika mamita 73, ndipo magalasi ake 357 amayang'anizana ndi mazenera akuluakulu 17 oloza kumunda wa maluwa. Kumeneko galasi lili ndi choti libweze. Ine ndaonapo chipinda chimene zenera lake, ukatulutsa dzanja, umakhudza khoma la mdadada wina. Galasi loyang'anizana ndi zenera limenelo likupatsani makoma awiri a njerwa m'malo mwa limodzi.

Za utoto woyera sindikana zonse. Khoma lowala limabweza kuwala kochuluka kuposa simenti yosapaka kapena njerwa zootcha, ndipo zimenezi agogo athu anazidziwa kalekale pozira nyumba ndi dothi loyera kapena kupaka laimu. Funso ndi lakuti khomalo ndi la ndani. Utoto mugula ndinu, chilolezo mukapempha ndinu, ndipo tsiku limene mudzasamuke simudzanyamula khoma pakabaza. Wobwera pambuyo panu adzapeza lendi itakwera chifukwa chipinda "chinakonzedwa". Choipa kwambiri n'chakuti utoto womwewo ndi umene eni nyumba ena amathamangira kupaka semesita ikamayamba, pamwamba pa khoma lachinyezi. Mu Okutobala chipindacho chimanyezimira. Mu Januwale mvula itakhazikika, nkhungu imatulukira kuseri kwa bedi, mabuku amafufuma ndipo zovala zimanunkha chinyontho. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Langizo limene limandipsetsa mtima kuposa onse ndi lakuti titaye katundu. Mayi wina wa ku Japan, Marie Kondo, anatulutsa buku m'chaka cha 2011, ndipo mu 2019 pulogalamu yake inayamba kuonetsedwa pa Netflix. Mfundo yake ndi yakuti munthu asunge zokhazo zimene zimamusangalatsa akazigwira. Kwa anthu amene nyumba zawo zadzaza ndi zinthu zogula mosaganiza, mwina ndi mankhwala abwino. Koma tayang'anani zimene zadzaza m'chipinda cha wophunzira wa kuno. Palibe amene amasangalala akagwira chigubu. Chigubucho chilipo chifukwa pampopi madzi amatha osatsanzika. Mbaula ilipo chifukwa magetsi amazima nsima ili pakati. Thumba la ufa limene mayi anatumiza pa minibasi lilipo chifukwa kugula ufa wa m'timapepala tsiku ndi tsiku n'kodula. Zimene opereka malangizo akuzitcha zinyalala ndi inshuwalansi ya munthu wosauka.

Chipinda chopanda kanthu, cha bedi limodzi ndi kaduwa kamodzi pazenera, chimatheka kwa munthu amene mzinda wake umamusungira zinthu: madzi amakhala m'paipi, moto uli m'waya, chakudya chili m'shopu yapafupi ndipo ndalama yogulanso chimene wataya ili m'thumba. Kumuuza mwana wa mlimi wa ku Ntchisi kuti atengere chitsanzo chimenecho n'kumuuza kuti adziyerekeze kukhala wolemera. Ndipo taonani kumene mlandu wapita. Poyamba vuto linali lakuti munthu wina anamanga kachipinda kosakwanira n'kumalipiritsa anthu awiri. Malangizowa akatha kulankhula, vuto lasanduka khalidwe lanu: ndinu wosalongosoka, simudziwa kusanja, mumakakamira zinthu. Munthu amene akudziimba mlandu sapita kukadandaula kwa landilodi.

Okonda zipinda zing'onozing'ono ali ndi zitsanzo zimene amazitchula kawirikawiri, ndiye tiyeni tizione bwino. Katswiri wa zomangamanga Le Corbusier anadzimangira kanyumba kotchedwa Cabanon ku Roquebrune-Cap-Martin, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean ku France, kamene kanatha m'chaka cha 1952. Kukula kwake ndi mamita 3.66 mbali zonse, ndipo chilichonse m'katimo chinayezedwa mosamala. Chimene sakonda kutchula n'chakuti kanyumbako kanalibe khitchini, chifukwa mwini wake ankadya kulesitilanti yogundizana nako. Kanali kopumulirako patchuthi, pakhomo pali nyanja, ndipo nyumba yake yeniyeni inali ku Paris. Ku Tokyo, Kisho Kurokawa anamanga Nakagin Capsule Tower mu 1972, nyumba yosanja ya timabokosi 140, kalikonse ka masikweya mita pafupifupi 10. Kabokosi kalikonse kanakonzedwera munthu mmodzi wogwira ntchito m'tauni, wongofuna pogona, ndipo nyumbayo inagwetsedwa mu 2022. Zitsanzo ziwirizi zikuphunzitsa chinthu chimodzi: chipinda chaching'ono chimakhalika ngati ntchito zina za moyo zili ndi malo ake kunja kwa chipindacho.

Zimenezi sitinafunikire kukaziphunzira ku France. Nyumba ya kumudzi si yaikulu, koma simumva munthu akudandaula kuti yamuthina. Chifukwa chake n'chakuti m'nyumba mumagonedwa basi. M'mawa mphasa imapindidwa n'kuimikidwa pakona, pansi pamatsala poyera. Kuphika kumachitikira kukhitchini yapadera, chimanga chili m'nkhokwe, kusamba ndi kubafa, anyamata akasinkhuka amapita kumphala, alendo amalandiridwa pakhonde, ndipo milandu ndi macheza zimachitikira pansi pa mtengo wa mango. Nyumba yeniyeni ndi bwalo lonse. Chimene chachitika m'tauni n'chakuti tatenga kukula kwa kachipinda ka kumudzi n'kusiya bwalo lake. Puloti imadzazidwa ndi midadada mpaka kumpanda. Mtengo wa mango unadulidwa kuti pamangidwe zipinda zitatu. Khonde linatsekedwa ndi njerwa n'kusanduka chipinda china cha lendi. Zotsatira zake, masikweya mita 9 aja ayenera kukhala chipinda chogona, khitchini, nkhokwe, laibulale, pabalaza ndi poyanika zovala mvula ikamagwa. Chimene chinkakulitsa chipinda ndi khonde, ndipo khondelo analigulitsa.

Sindikunena kuti landilodi aliyense ndi mfiti. Ambiri ndi anthu opuma pantchito amene timadadada timeneti ndiye penshoni yawo, ndipo mtengo wa simenti ndi malata tonse tikuudziwa. Chimene chikuwapatsa mphamvu ndi kuchuluka kwa ofuna pogona. Pa kalembera wa 1966, Lilongwe inali ndi anthu osakwana 20,000. Pa kalembera wa 2018, mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. M'mayunivesite a boma chiwerengero cha ophunzira chakwera msanga kuposa mabedi a m'mahositelo, choncho ambiri amakasaka malo m'madera ozungulira. Pamene anthu khumi akulimbirana chitseko chimodzi, mwini chitsekocho alibe chifukwa chotsegulira zenera lachiwiri. Pamsika wotere, chokhacho chimene chingateteze wochita lendi ndi muyezo umene aliyense womanga sayenera kutsika pansi pake.

Kwina miyezo yotere ilipo ndipo imalembedwa ndi manambala. Ku England, muyezo wa boma wa 2015 umati chipinda chogona munthu mmodzi m'nyumba yatsopano chisachepere masikweya mita 7.5, ndipo cha anthu awiri chisachepere 11.5. Kuyambira 2018, m'nyumba za lendi zokhalamo anthu ambiri osakhala apachibale zimene zimafunika laisensi, chipinda cha munthu wamkulu mmodzi sichiloledwa kuchepera 6.51, ndipo cha awiri 10.22. Chipinda chathu cha masikweya mita 9 chogona awiri chija chikanalephera mayeso onsewa, ngakhale kuti kumeneko m'chipinda chogona simukhala ndowa ndi mbaula. Ku London nako anthu amathinana ndipo lendi imaluma, koma wochita lendi ali ndi nambala yoti aitchule akamadandaula. Bungwe la UN-Habitat limati nyumba ndi yothinana ngati anthu opitirira atatu akugona chipinda chimodzi. Nalo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2018 okhudza nyumba ndi thanzi, linanena kuti kuthinana kumagwirizana ndi kufala kwa matenda opatsirana monga chifuwa chachikulu cha TB, komanso kumasokoneza maganizo ndi tulo. Nkhani ya kukula kwa chipinda ndi nkhani ya kuchipatala, ndipo ife taisandutsa nkhani ya mtundu wa makatani.

Mpweya ndi umene malangizo a pafoni amauiwala kotheratu, chifukwa suoneka pachithunzi. Chipinda cha malata chopanda siling'i mu Okutobala chimawotcha ngati uvuni, ndipo chimene chingachiziziritse ndi mphepo yolowa mbali ina n'kutulukira mbali ina. Zenera limodzi lokha silikwanira. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi vuto limatembenuka: anthu amatseka timabowo ta mpweya ndi mapepala, ena n'kulowetsa mbaula m'nyumba kuti aothe. Makala oyaka m'chipinda chotsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene sununkha ndiponso suoneka, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Nanga makatani okhuthala ofika pansi aja, m'chipinda chimene kandulo imayatsidwa patebulo la pazenera? Amene analemba langizolo sanagonepo m'chipinda chimene makatani ndi moto zimatalikirana masentimita ochepa.

Ndikudziwa chimene ena anene. Ati: "Ndiye tizingokhala m'kachipinda konyansa podikira kuti khonsolo idzuke? Kukongoletsa pamene ukukhala si ulemu wa munthu?" Ndi ulemu ndithu, ndipo sindikutsutsa zokonza chipinda. Ndikutsutsa zokonzera kamera. Pali funso limodzi loti muziyesera langizo lililonse musanatulutse kwacha: kodi lindipatsa malo opondapo, mpweya kapena kuwala kwenikweni? Ngati yankho ndi lakuti lingochititsa kuti mlendo anene kuti "eeh, muli bwino muno", lisiyeni.

Kukonza chipinda moganizira thupi la munthu kuli ndi mbiri yake. M'chaka cha 1926, Margarete Schütte-Lihotzky, mayi wa ku Austria wodziwa zomangamanga, anapatsidwa ntchito yokonza khitchini ya nyumba za anthu ogwira ntchito mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Khitchiniyo inali ya mamita pafupifupi 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali. Iye sanafunse kuti ioneka bwanji kwa alendo. Anaphunzira mayendedwe a munthu wophika, kumene dzanja limafika ndi masitepe amene amaponda, n'kuika chilichonse pamalo oyenera: zenera pamwamba pa tebulo lodulira, mpando wozungulira, thabwa lositira lopindikira kukhoma. Makhitchini otere anamangidwa pafupifupi 10,000. Nzeru imeneyo kalipentala ndi wowotcherera zitsulo wa m'mbali mwa msewu angathe kuigwira, mutangomufotokozera chimene mukufuna.

Yambani ndi bedi, popeza ndi limene limadya malo ambiri. Likakhala la miyendo yaitali, masentimita 45 kapena 50 kuchokera pansi, masutikesi, mapoto ndi nsapato zonse zimalowa kunsi kwake. Ngati muli awiri, bedi losanja limakubwezerani masikweya mita 1.7, omwe ndi malo a tebulo ndi mpando. Ngati pansi sipachita chinyezi, matiresi oyala pamphasa usiku n'kuimika kukhoma masana amachita zimene agogo ankachita, zomwenso a ku Japan amachita ndi zogonera zawo zopinda. Kenako kwezani maso. Pamwamba pa chitseko pali malo amene palibe amene amawagwiritsa ntchito, ndipo thabwa limodzi lokhomedwa pamenepo limanyamula mabuku a semesita yonse. Kuseri kwa chitseko, misomali isanu imalowa m'malo mwa wadiropu. Tebulo lokhomedwa kukhoma ndi mahinji limapindika mukatha kuwerenga. Neti ya udzudzu ipindidwe m'mwamba m'mawa uliwonse. Pazenera, chitenje chopyapyala chimabisa za m'kati koma chimalola kuwala ndi mphepo. Timabowo ta mpweya mutitseke ndi sefa, osati ndi nyuzipepala. Laimu ndi wotchipa kuposa utoto, ndipo ngati khoma likufunika kupakidwa, kambiranani kuti ndalamayo ichotsedwe palendi. Mbaula ikhale panja nthawi zonse. Galasi gulani laling'ono, lopesera tsitsi.

Zonsezi zithandiza, koma zili ndi malire, ndipo malirewo ndi makoma anayi amene wina anasankha kuwamanga moyandikana. Chifukwa chake nkhondo yaikulu iyenera kumenyedwa musanalowe m'chipindamo. Masiku ano zipinda zimatsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook ndi zithunzi zojambulidwa munthu ataima pakona, kamera ya foni ataiika pa 0.5 kuti makoma aoneke otalikirana. Imeneyo ndi nzeru ya galasi yomwe ija, koma tsopano akupusitsidwa ndinu. Wophunzira wachaka choyamba wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje amatumiza dipoziti asanaone malowo, akafika n'kupeza kuti sutikesi yake ndi ya mnzake sizingatsegulidwe nthawi imodzi.

Mabungwe a ophunzira amadziwa kuyenda pamsewu fizi ikakwera. Ntchito iyi ndi yosavuta kuposa pamenepo, ndipo sifuna utsi wokhetsa misozi. Imafuna tepi yoyezera ndi kope. Bungwe lililonse lingathe kuyendera midadada imene ophunzira ake amakhala n'kulemba m'ndandanda wapoyera: chipinda ndi chachikulu mamita angati, chili ndi mazenera angati ndipo akuloza kuti, pali siling'i kapena ayi, chimbudzi chimodzi amagwiritsa ntchito anthu angati, pali khonde kapena malo ophikira panja, ndipo lendi ndi zingati pa sikweya mita iliyonse. Nambala yomalizayi ikhoza kudabwitsa ambiri, chifukwa kachipinda kotchipa pamwezi kangathe kukhala kodula kwambiri mukagawa ndi kukula kwake. Mayunivesite amene amalemba ophunzira opanda powagoneka ali ndi udindo wovomereza malo ogona okhawo okwaniritsa muyezo. Makhonsolo a mizinda, omwe ntchito yovomereza mapulani a nyumba ndi yawo, ayenera kufunsidwa kuti mdadada wopanda bwalo unamangidwa bwanji iwo alipo. Ndipo anzathu amene akuphunzira zomangamanga atisonyeze pulani ya chipinda cha wophunzira chotchipa koma chopumika, m'malo momangojambula nyumba zosanja za magalasi zimene palibe aliyense wa ife adzalowemo.

Pakadali pano, semesita ikubwerayi mukamapita kukaona chipinda, bwerekani tepi kwa telala. Yezani m'litali, yezani m'lifupi, chulukitsani. Tsegulani zenera muone chimene chili kuseri kwake. Gwirani khoma kumunsi, pafupi ndi pansi, mumve ngati likuzizira chinyezi. Funsani kumene mudzaphikire mvula ikamagwa. Mwini nyumba akakuuzani kuti chipindacho chimaoneka chachikulu chikapakidwa utoto, muuzeni mwaulemu nambala imene mwapeza, ndipo madzulo ake muilembe pagulu la kalasi kuti amene akubwera pambuyo panu asatumize dipoziti m'chimbulimbuli.